Tikukwera Mulanje mu Julayi, katundu tigule kuti?

Thoko M.
Moni nonse. Ndine mlendo pagulu pano, wandilowetsa ndi mnzanga wa kuntchito. Tilipo anthu 6, tonse a ku Lilongwe, ndipo tapangana zokakwera phiri la Mulanje mu Julayi, mpaka pa Sapitwa miyendo ikalola. Vuto n'loti palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi katundu. Tenti tilibe, sleeping bag (thumba logonamo lija) tilibe, nsapato ndi zomwezi timathamangira m'mawazi. Wina akuti tiitanitse zonse ku Joni, wina akuti kaunjika ndi wokwanira, winanso waona tsamba pa Facebook logulitsa matenti. Inu amene munakwerako, tandiuzani kogula. Ndalama zake n'zosonkherana, sitikufuna kuziponya m'madzi.

Kondwani
Julayi? Pa Sapitwa? Yambani mwatsanzika kaye kwa abale achemwali 😂

Bambo Chirwa (admin)
Kondwani, tasiya kuopseza alendo. Takulandirani a Thoko. Tisanafike pa kogula, fufutani tentiyo pa mndandanda wanu. Pamwamba pa Mulanje pali nyumba zogonamo oyenda m'phiri: Chambe, Thuchila, Chisepo, Lichenya, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka. Mumapeza mlonda, malo osonkhapo moto, ndipo madzi sakhala patali. Ambiri opita ku Sapitwa amagona pa Chisepo n'kulawirira m'mamawa. Mukagula tenti mungomuthyola msana wokunyamulirani katundu, ndipo mudzatsika nayo osaimasula n'komwe.

Ndalama zanu zipite pa zinthu zitatu: chogonamo, jekete la mvula, ndi nsapato. Zina zonsezo, kaya ndi kapu, tochi, chipewa, mukhoza kutola paliponse. Zitatu zoyambazo sizigulidwa malo amodzi, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti "zonse ndili nazo, ingotumizani ndalama" mumuyang'ane kawiri.

Thoko M.
Zikomo bambo. Ndiye kuti tenti sitifunika ngakhale pang'ono? Nanga tikakapeza nyumbayo yadzaza?

Gift wa pa Likhubula
Achemwali, ine ndimaperekeza anthu m'phirimu. Kudzaza kumachitika, makamaka pa tchuthi cha pa 6 Julayi, koma anthu amangofinyana pansi, palibe amene amagonekedwa panja. Mukafika pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula mudzalembetsa, kulipira, ndipo adzakuuzani magulu amene akwera kale. A Chirwa anena zoona, tenti isiyeni.

Mada ku Joni
Ine ndinena mosapsatira. Katundu wa m'phiri sagulidwa pamulu. Kuno kuli Cape Union Mart, ali ndi zawo za K-Way, kuli Outdoor Warehouse, kulinso Decathlon amene zinthu zawo za Quechua mtengo wake ndi wabwinoko. Umalowa, umayesa, pa chikwama alembapo malita ake, pa sleeping bag alembapo kuzizira kumene ingapirire, ndipo risiti umapatsidwa. Chikavuta ukhoza kubwerera nacho. Pa kaunjika ukabwerera kwa ndani? Mawa lake mwini wake wasamukira pa msika wina.

Mayi a Yankho
Iii a Mada, mwayamba kale kutinyoza? Ine ndimagulitsa kaunjika mu Limbe, benchi yanga sisamuka, ndipo makasitomala anga amandipeza pomwepo. Majekete amene amatuluka m'mabelo athuwa ndi omwewo azungu amakwera nawo mapiri kwawo. The North Face, Berghaus, Jack Wolfskin, Columbia, zonsezi zimadutsa m'manja mwangamu. Inu mukagula limodzi ku Joniko, kwa ine munthu wavala banja lonse. Komanso zoti ukhoza kubweza chinthu kusitolo, abweza bwanji munthu ali ku Area 25 sitolo ili ku Johannesburg? Akwere basi masiku awiri chifukwa cha zipi?

Kondwani
Mayi a Yankho 1, Joni 0

Mada ku Joni
Mayi, sindikunyoza ntchito yanu. Nanenso ndinakulira kaunjika. Koma vomerezani kuti pamulu ndi mwayi. Lero mupeza, mawa mulibe. Anthu 6, aliyense ndi saizi yake, Julayi ali pafupi. Adikire belo lamwayi mpaka liti?

Mayi a Yankho
Apo pokha mwanena zoona. N'chifukwa chake munthu amayamba msanga, ndipo amauziratu wogulitsa. Ukandiuza kuti ndikufuna jekete la mvula la mayi, saizi yakuti, ndimakuikira pambali tsiku lotsegula belo lisanafike pamulu. Amene amabwera Loweruka masana amapeza zosankhidwa kale, kenako n'kumati kaunjika mulibe kanthu.

Gift wa pa Likhubula
Ndiloleni ndinene zimene maso anga amaona, poti ine sindigulitsa kanthu. Majekete a pa kaunjika ambiri amagwira ntchito bwinobwino. Chimene chimatisautsa ndi nsapato. Munthu amabwera ndi jombo yokongola, yachikopa, dzina lalikulu, pansi pake mano onse alipo ngati sinapondepo pansi. Tikuyamba kukwera njira ya Skyline, tisanafike n'komwe pa Chambe, mumangomva phwa phwa kumbuyo. Kucheuka, soli yayasama kutsogolo. Pakati pa soli ndi chikopa pakutuluka zinthu zofumbutuka zakuda. Yachiwiri nayo sichedwa, imatsatira tsiku lomwelo. N'chifukwa chake m'chikwama changa simusowa mphira wa chubu cha njinga, timangomanga kuti munthu akafike pogona. Koma pa Sapitwa ndi nsapato yomanga ndi mphira sindingamutengere munthu.

Thoko M.
Ee, nsapato yooneka yatsopano? Chimachititsa n'chiyani?

Bambo Chirwa (admin)
Jombo zambiri zokwerera mapiri zili ndi kagawo kofewa pakati, pamwamba pa mphira wopondera pansi uja. Nthawi zambiri kamapangidwa ndi polyurethane. Kagawo kameneka kamayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka kamawola m'kati, kunja kukuoneka bwino. Chodabwitsa n'choti nsapato yongosungidwa imawola msanga kuposa yovalidwa. Ndiye taganizani: mzungu anaigula, anakwera nayo kamodzi, yakhala m'kabati zaka zambiri, waipereka, yapanikizidwa m'belo, yadutsa panyanja, yafika m'kutentha kwathu kuno. Imene ikuoneka yatsopano kwambiri pamulu ndi imene muyenera kuikayikira kwambiri.

Poyesa musachite manyazi. Ipindeni mwamphamvu pamene phazi limapindikira. Ipotozeni. Kanikizani chikhadabo pa kagawo kapakatiko, m'mbali ndi kuchidendene. Kakamanyenyeka, kakamamata chala, kapena mukaona timing'alu, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Guluu sathandiza, chifukwa palibe cholimba choti agwire.

Mayi a Yankho
Izi ndiye ndaphunzirapo. Ine nsapato sindigulitsa, koma anzanga a mzere wa nsapato amakwiya munthu akamapinda choncho.

Bambo Chirwa (admin)
Akakwiya mudziwe kuti akudziwa chimene chituluke.

Amidu
Ine ntchito yanga ndi yosoka nsapato. Zimene akunena a Chirwazo timaziona tsiku lililonse. Koma pali njira. Ngati chikopa chili bwino ndipo kagawo kapakatiko n'kolimba, bweretsani tiisokerere ndi ulusi wa nayiloni kuzungulira soli yonse musanapite. Ndalama yake ndi yochepa. Choipa chake n'choti singano imaboola, ndiye madzi amalowa pang'ono m'mabowomo. Musankhe nokha: phazi lonyowa kapena phazi lopanda nsapato. Koma yofumbutuka ija ayi, imeneyo ngakhale ine ndimabweza, ulusi umangodula.

Gift wa pa Likhubula
Komanso musaganize kuti popanda jombo simungakwere. Anyamata onyamula katundu amakwera ndi nsapato wamba, ena mapatapata, ndipo pa mpikisano wa Porters Race anthu amathamanga phirili ndi nsapato zopepuka. Sindikuti muwatsanzire, mapazi awo anazolowera. Ndikungoti nsapato yanu yothamangira ija, ngati mano ake sanathe ndipo phazi lanu linaizolowera, ikhoza kuposa jombo yatsopano imene mwaivala koyamba pa Likhubula. Njira ya ku Sapitwa ndi miyala yosalala yotsetsereka, pena mumakwawa ndi manja, pena mumalowa pansi pa matanthwe. Chofunika ndi mphira wogwira mwala. Nsapato zolimba pansi ngati pulasitiki zimatereratu.

Mada ku Joni
Ndiye mwaona? Nsapato ndi zatsopano basi. Ndigule kuno nditumize.

Anaphiri ku Leeds
Achimwene a Mada, nsapato yogulira munthu ali kutali nayonso ili ndi mavuto ake. Ku South Africa amagwiritsa ntchito manambala a ku UK, pomwe zambiri za pa kaunjika zimakhala ndi manambala a ku Europe kapena America. Amene amati "ndimavala 42" ndi amene amati "ndimavala 8" akhoza kukhala ndi phazi limodzi, ndipo 8 wa ku America si 8 wa ku UK. Kuwonjezera apo kampani iliyonse imaumba mosiyana, zina n'zopapatiza kutsogolo, pomwe ambiri a ife mapazi athu ndi otambalala. Nsapato ya m'phiri imayesedwa madzulo phazi litatupa, mutavala sokosi zokhuthala zomwe mukakwere nazo, ndipo kutsogolo kutsale mpata wa chala chachikulu cha kumanja. Kukwera simumva kanthu. Potsika m'pamene zala zimagunda kutsogolo, zikhadabo n'kuda, kenako n'kuzuka.

Chimene ndingavomereze kuti chichokere kunja ndi sleeping bag. Imeneyo saizi sivuta, ndipo ndi chinthu chimene pa kaunjika simungachiyese ndi maso.

Thoko M.
Pa sleeping bag pomwepo ndifunse. Pa tsamba la pa Facebook lija alemba kuti yawo ndi ya -10. Ndiye kuti ndi yabwino kwambiri eti?

Anaphiri ku Leeds
Pamenepo m'pamene anthu amapusitsidwa. Ma sleeping bag oyesedwa mwadongosolo amakhala ndi manambala atatu: comfort, limit ndi extreme, ndipo pambali pake pamalembedwa EN 13537 kapena ISO 23537. Comfort ndi kuzizira kumene munthu womva chisanu msanga angagone bwinobwino. Limit ndi pamene mwamuna angagone atadzipinda. Extreme si yogonera ayi, imangotanthauza kuti mwina mufika m'mawa muli moyo, mukunjenjemera usiku wonse. Ogulitsa ochenjera amatenga nambala yomalizayi n'kuilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Ena amangosindikiza nambala ya m'mutu mwawo pa kathumba. Afunseni kuti -10 imeneyo ndi iti mwa zitatuzi, ndipo akutumizireni chithunzi cha kachikwangwani kosokedwa pa bag yeniyeniyo. Kwa Julayi pa Chisepo, ine ndingafune comfort yoyandikira 0, makamaka kwa amayi.

Kondwani
Koma abale, ku Malawi konkuno 0? Si ku Leeds kuno Anaphiri.

Gift wa pa Likhubula
Kondwani bwera udzaone. M'mawa wa Juni kapena Julayi udzu wa pamwamba umayera ndi chisanu, ukaponda umalira. Sapitwa ndi mamita 3,002. Ukamakwera mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye tenga kuzizira kwa Blantyre kwa Julayi uchotsepo madigiri 6 amenewo kawiri, uwonjezere mphepo. Ndiye pakabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yamawawa ija yochokera ku Mozambique, ukhoza kukhala masiku osaona dzuwa, zovala zosauma. Mlendo wa ku Brazil amene anamwalira m'phirimu mu 2009 unali mwezi womwewu wa Julayi, anapitirira yekha wopanda womuperekeza, nyengo n'kusintha. Nkhani ya jekete ndi chogonamo si yodzionetsera.

Kondwani
Chabwino ndatseka pakamwa.

Mayi a Yankho
Ma sleeping bag amabwera m'mabelo a mabulangeti ndi zofunda, osati a zovala. Amapezeka ndithu, koma ndivomereze kuti ambiri ndi opyapyala, a ana asukulu ogonera m'nyumba, ena ali ndi zithunzi za zidole. Abwino amatuluka apo ndi apo.

Bambo Chirwa (admin)
Mukaupeza pa kaunjika, utambasuleni muuyang'anitse kudzuwa. Pamene kuwala kukudutsa kwambiri ndiye kuti zam'kati zinasunthira kwina kapena zinaphwatalala, pamenepo m'polowera chisanu. Yendetsani zipi kuchokera kumapazi mpaka kumutu kangapo. Nunkhizani, fungo la nkhungu silichoka. Sankhani wochepa kumapazi wokhala ndi chipewa chokoka ndi chingwe, osati wamakona anayi uja. Pa za nthenga ndi za ulusi wopanga: wa nthenga ndi wopepuka komanso wofunda kwambiri, koma ukanyowa watha ntchito ndipo suuma msanga. Kwa oyamba kumene, m'phiri la chiperoni, wa ulusi wopanga ndi wosavuta kusamala. Ndipo kaya mwagula kuti, muukulunge m'jumbo yaikulu yakuda musanauike m'chikwama.

Tembo wa ku Chipata
Moni aMalawi. Kwathu timati salaula, koma ndi zomwezo. Popeza a Thoko ali ku Lilongwe, Chipata ndi pafupi kudzera pa Mchinji, koma ndisakunamizeni kuti kuno mupeza za m'phiri zambiri kuposa kwanu. Lusaka ndiye kuli masitolo ochulukirapo. Chimene ndinganene n'choti jekete la mvula muziliyang'ana m'kati, osati kunja. Litembenuzeni. Pa msoko uliwonse payenera kukhala kalamba kopyapyala komatidwa pamwamba pa ulusi. Ngati kakumatuka kapena kulibiretu, madzi alowera m'misoko ngakhale nsalu ikhale yabwino bwanji. Ngati m'kati mukusupuka tizidutswa toyera, makamaka pakhosi ndi pamapewa, latha limenelo. Ine ndimayenda ndi kabotolo ka madzi, ndimapanga kachigwa pa nsalu n'kuthirapo, kenako ndimagwira pansi pake.

Mayi a Yankho
A Tembo mukabwera pa benchi yanga ndi botolo lanulo mundipemphe kaye 😂 Koma ine ndimalola, bola musathire pa zonse.

Chisomo B.
Ndikuchenjezeni za masamba a pa Facebook ndi WhatsApp. Ine ndinaona tenti ndi mpando wopinda, zithunzi zokongola, mtengo wabwino. Anati katundu ali m'njira kuchokera ku Joni, ndilipire theka kuti andisungire. Ndinatumiza pa foni. Sabata yoyamba akuti galimoto ili pa Beitbridge, yachiwiri akuti yatsekeredwa pa Mwanza, yachitatu nambala sikupezeka. Tsamba linasintha dzina, pano likugulitsa mawigi. Alipo ogulitsa achilungamo pa intaneti, koma lamulo langa tsopano n'loti ndalama imatuluka chinthu chili m'manja.

Mada ku Joni
Pepani achemwali. Anthu oterewa ndi amene amatiipitsira mbiri tonse okhala kuno. Koma njira yabwino ilipo: m'bale wanu kapena munthu amene mumadziwa kwawo alowe yekha m'sitolo, akuimbireni pa vidiyo muone chinthucho, ajambule risiti. Kenako apereke kwa transporter wodziwika, kapena adikire wina amene akubwera kumudzi pa basi.

Bambo Chirwa (admin)
Ndipo muwerengere zonse musanasangalale ndi mtengo wa pa shelefu. Pali kusintha kwacha kupita ku rand, ndipo tonse tikudziwa kuti mtengo wa kubanki ndi umene mungaipezere rand si umodzi. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023, zinthu za ku Joni zimene tinkati n'zotchipa zinasiya kutchipa. Onjezani ya transporter, onjezani msonkho wa MRA pachipata. Chinthu chaching'ono chodula, monga sleeping bag yabwino kapena tochi ya pamutu, chimapindulitsa kuitanitsa. Chinthu chachikulu chotchipa, monga matiresi a thovu kapena mpando, mtengo wonyamulira umaposa wogulira.

Mada ku Joni
Zoona. Kukanakhala kuti ulendo ndi wa chaka chamawa ndikanati dikirani kumapeto kwa Novembala, nthawi ya Black Friday mitengo imatsika. Koma Julayi kuno ndi nyengo yozizira, zofunda zimakhala pa mtengo wake wonse.

Thoko M.
Nanga zophikira? Mnzathu wina akufuna kugula kachitofu ka gasi kakang'ono kaja.

Anaphiri ku Leeds
Kachitofuko kakhoza kubwera pa ndege, koma timabotolo ta gasi ayi, n'toletsedwa ngakhale m'chikwama chachikulu. Ndiye musanagule chitofu, yambani mwapeza kumene mungagule gasi wake ku Malawi, ndipo muone ngati pakamwa pake pakugwirizana. Tina n'topotokola, tina n'toboola, sizilowana. Anthu ambiri ali ndi tizitofu tokongola m'nyumba tosowa gasi.

Gift wa pa Likhubula
Kwa ulendo wanuwu musavutike nazo. M'nyumba zija timaphika pamoto, mlonda amathandiza nkhuni ndi madzi, inu mumangomuthokoza ndi kangachepe ponyamuka. Tengani mapoto awiri akunyumba omwe simukuwadandaula kuda. A Mountain Club of Malawi ali ndi zipinda zokhoma m'nyumbazi momwe amasungamo ziwiya ndi matiresi a mamembala awo, ndiye ngati mukuona kuti muzibwerabwera, funsani za umembala, mwina n'kotchipa kuposa kugula zonse. Chimodzi chokha ndikupempheni: wina akakutsatsani nkhuni kapena thabwa la mkungudza, kanani. Mtengo umenewu kwawo ndi phiri lino lokha, ndipo yaikuluikulu inatha ndi macheka. Imene mukaone ndi yongobzala kumene.

Kondwani
Ine ndimafuna tenti ndithu, osati ya Mulanje koma ya kunyanja. Cape Maclear, Nkhata Bay, mwina Nyika tsiku lina. Poti nkhani yayambika, ndithandizeni nanenso.

Bambo Chirwa (admin)
Wasiya nthabwala tsopano? Kunyanja ndi ku Nyika ndi matenti awiri osiyana. Kunyanja m'chilimwe mdani wako ndi kutentha ndi udzudzu, ndiye yang'ana yokhala ndi neti yaikulu mbali ziwiri ndi zipi yotseka bwino. Yotchipa ya m'masitolo akuluakulu a mu Blantyre kapena Lilongwe ikukwanira. Ku Chelinda n'kozizira ndipo mame ndi ambiri, ukufunika ya nsalu ziwiri, yam'kati ndi yakunja yofika mpaka pansi. Ya nsalu imodzi imachita thukuta m'kati, umadzuka utanyowa mvula isanagwe. Pa bokosi yang'ana nambala ya mamilimita, imasonyeza madzi amene nsalu ingatchinge. Pansi pa 1,500 ndi ya dzuwa chabe, ya 3,000 imapirira mvula yathu ya Januwale. Akalemba kuti ya anthu 3, werenga anthu 2 ndi zikwama zawo.

Tenti ya pa kaunjika usagule osaiimika. Mitengo yake ikasowa umodzi, kapena ukakhala wong'aluka, kuupeza wina wofanana ndi ntchito.

Amidu
Zipi ya tenti ikafa musataye tenti. Nthawi zambiri chimatha ndi kamutu koyendetsa kaja, osati mano. Matelala a mumsika amasintha. Pansi pake muziyala lona kapena pepala lakuda lomangira nyumba, minga isaboole.

Tembo wa ku Chipata
Ndipo muziiumitsa musanaipinde. Tenti zambiri sizifa ndi mvula ya kutchire, zimafa ndi nkhungu ya m'nyumba.

Thoko M.
Ndabwerera, ndimakambirana ndi anzanga aja. Funso lina: kodi palibe kobwereka? Ena mwa ife sakudziwa ngati adzakwerenso.

Gift wa pa Likhubula
Kulipo. Ena mwa ife operekeza tili ndi ma sleeping bag ochepa amene alendo anatisiyira, timabwereketsa pa mtengo wogwirizana. Koma 6 pa nthawi imodzi mu Julayi sindingalonjeze, ndipo si onse ofunda mofanana. Mundiuze msanga ndifufuze kwa anzanga. Mukabwereka, sokani kansalu kolowamo ndi zitenje ziwiri, ngati thumba lalitali. Kamawonjezera kufunda pang'ono, ndipo simukhudzana ndi thukuta la amene anagonamo dzana.

Anaphiri ku Leeds
Zitenje zogonamo zili bwino, koma zovala zoyendera pewani thonje. Jinzi ndi T-shirt ya thonje zikanyowa ndi thukuta zimakhala zonyowa tsiku lonse, mukangoima mphepo imakulowani m'mafupa. Apa ndiye kaunjika alibe mnzake. Majezi a mpira, ma fleece (majuzi ofewa ofunda aja), mathalauza opepuka a nayiloni, zipewa zaubweya, magolovesi, zonsezi zili mbwee pamulu ndipo palibe chifukwa chogulira zatsopano. Kuno ku Leeds fleece yomweyo ndimaipeza m'masitolo a zachifundo, kenako ndikabwera kumudzi ndimakaipezanso ku Tsoka yotchipa kuposa kuno.

Mayi a Yankho
Mwamva a Mada? Anena ndi a ku UK, si ine.

Mada ku Joni
Ndamva mayi, pa ma fleece ndagonja. Koma tochi ya pamutu musagule ya pamsewu yowala ngati galimoto kwa mphindi khumi kenako zii. Mukanyamuka pa Chisepo kukadali mdima, manja onse awiri akufunika pa mwala. Tochiyo pamodzi ndi sleeping bag ndigula kuno.

Bambo Chirwa (admin)
Tochi ikhale ya mabatire a AAA ngati n'kotheka, mutenge ena apadera. M'nyumba zija mulibe potchajira. Gift, njira zili bwanji chichitikireni namondwe Freddy? Sindinadutse mbali ya Likhubula posachedwapa.

Gift wa pa Likhubula
Namondwe uja wa mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri, zipsera zake zikuonekabe m'mbali mwa phiri, ndipo pena njira inapatuka pamene inkadutsa kale. Tikuyenda bwinobwino, koma amene anakwera kalekale asadalire kukumbukira kwake, kapena mapu a pa foni okha. Chikwama cha tsiku la Sapitwa chikhale chaching'ono, cha malita 20 kapena kuchepera, chifukwa pali malo opanikiza pamene chachikulu chimakodwa. Chachikulucho chimatsala pa Chisepo. Ndipo kwa wonyamula katundu musamupatse thumba la shangani kapena sutikesi, mupezereni chikwama cha malamba awiri ndi lamba wa m'chiuno. Pa kaunjika zimapezeka, ingokokani malambawo mwamphamvu pamene asokedwera.

Chisomo B.
A Thoko, kukakhala malo ndilowe nawo gulu lanu. Tenti ndilibe, mukudziwa kale chifukwa chake 😅

Thoko M.
Bwerani achemwali, tikhale 7. A Gift, tifufuzireni ma sleeping bag anayi obwereka. Atatufe tikufuna athuathu, ndiye a Mada ndikulemberani kumbali, koma ndalama tidzatumiza kudzera kwa mlongo wanga amene ali ku Randburg, mukalowe naye limodzi m'sitolo. Musakhumudwe.

Mada ku Joni
Palibe chokhumudwitsa, n'zimene ndanena ndekha. Amene nsapato zawo zatha mano, ngati alephera kupeza zina kumeneko, aponde papepala madzulo atavala sokosi, wina azungulize ndi cholembera, ayeze masentimita kutalika ndi kutambalala kwa mapazi onse awiri. Koma zifike Juni asanathe kuti aziyendere kaye.

Mayi a Yankho
Ine ndili ku Limbe, inu ku Lilongwe, koma belo la majekete ndikutsegula Lachisanu m'mawa. Nditumizireni masaizi lero. Ndikapeza, ndidzatembenuza lililonse n'kujambula misoko yam'kati monga anenera a Tembo, mukakhutira ndidzapatsira wa basi. Mtundu musasankhe, likatuluka lapinki la abambo ndi lomwelo.

Kondwani
Lapinkilo mundisungire ine mayi, saizi L.